Tiziyang'ana Manja a Abale Athu a Down Syndrome

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndikamayenda m'makomo pa ntchito ya zaumoyo. Mawu ake ndi akuti, "Ndi mmene anabadwira." Amene amanena mawuwa si anthu ouma mtima ayi. Ndi amayi amene asamala mwana wawo wa Down syndrome kwa zaka 30 kapena 40 osadandaula, kapena mlongo amene anatenga m'bale wake makolo atatisiya. Khungu likauma n'kumasweka, amati ndi mmene anabadwira. Zikhadabo zikakhuthala n'kusanduka zachikasu, kapena munthu akayamba kugwetsa kapu ya tiyi, yankho limakhala lomwelo. Koma zambiri mwa zimenezi munthuyo sanabadwe nazo. Zinabwera pambuyo pake, zili ndi mayina ake, ndipo zambiri zili ndi mankhwala.

Tiyambe tasiyanitsa. M'maselo a thupi la munthu muli tinthu totchedwa ma chromosome tokwana 46, ndipo timakhala tiwiritiwiri. Munthu wa Down syndrome ali ndi 47, chifukwa pa nambala 21 pali titatu m'malo mwa tiwiri. N'chifukwa chake tsiku lokumbukira anthu amenewa pa dziko lonse ndi 21 March, tsiku la 21 m'mwezi wachitatu. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku England, John Langdon Down, amene anafotokoza za anthuwa mu 1866. Zobadwa nazo m'manja ndi izi: zala zazifupi, chala chaching'ono chopindikira mkati, mzere umodzi wodutsa chikhatho chonse, ndi mfundo zofewa zimene zimapindika kuposa za anthu ena. Si onse amene ali ndi zonsezi, ndipo sizipweteka, sizifunanso mankhwala. Chimene tiyenera kufunsa ndi chakuti, kodi dzanja ili linali chonchi chaka chatha? Ngati silinali choncho, ndiye kuti si chibadwa.

Nkhaniyi ikukula masiku ano chifukwa abale athuwa akukhala ndi moyo wautali kusiyana ndi kale. Ku America, mu 1983 munthu wa Down syndrome ankayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 25. Lero ndi zaka pafupifupi 60. Ifenso tikuwaona m'midzi ndi m'mipingo yathu, ena atamera imvi. Thupi lawo limakalamba msanga, kotero kuti mavuto amene ena timawayembekezera pa zaka 60 iwo angakumane nawo ali ndi zaka 40. Komabe pakhomo timangowaona ngati mwana uja wa kale.

Chovuta kwambiri ndi chakuti ambiri sanena kuti akumva kupweteka. Ena amaganiza kuti anthu a Down syndrome samva ululu. Limenelo ndi bodza, ndipo lazunzitsa anthu ambiri. Amamva ululu monga inu ndi ine, koma amachedwa kuuonetsa, ndipo zimawavuta kuloza malo enieni amene akupweteka. Ululu wawo umaonekera m'zochita. Munthu amene ankakonda kutsuka mbale akuzemba. Amene ankamanga yekha mabatani a shati akudikira wina. Akubisa dzanja m'khwapa, akukana kupereka moni wa m'manja, akudzuka usiku n'kumangokhala pa mphasa, kapena wayamba kupsa mtima popanda chifukwa chooneka.

Ndikukumbukira bambo wina wa zaka za m'ma 30 amene ankakhala ndi mlongo wake. Nthawi yokolola iye ndiye anali katswiri wotong'ola chimanga pakhomopo, moti ankatha dengu ana asanathe theka. Chaka china anangosiya. Akamupatsa chimanga ankachiika pansi n'kuyang'ana kumbali, ndipo nsima anayamba kudya ndi supuni. Apabanja anati ndi ulesi, ena anati wayamba matama. Mlongo wake ndi amene tsiku lina anati, "Achimwene, tabweretsani manja anu ndione." Mfundo za zala za manja onse awiri zinali zotupa, ndipo atazigwira pang'ono bamboyo anakoka dzanja msanga. Kuchipatala anapeza kuti ndi nyamakazi yotupitsa mfundo. Anali atapirira nayo miyezi yambiri, wosanena kanthu.

Nyamakazi yamtundu umenewu imabwera chifukwa chitetezo cha m'thupi chimayamba kulimbana ndi thupi lomwelo, ndipo imapezeka kawirikawiri mwa anthu a Down syndrome kusiyana ndi anthu ena. Imakonda mfundo zing'onozing'ono za zala ndi pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Chizindikiro chake chachikulu ndi kuuma kwa zala m'mawa, kumene kumatha theka la ola kapena kupitirira, kenako n'kumamasuka dzuwa likakwera. Pali msampha umodzi umene ngakhale achipatala angagweremo. Popeza mfundo za abale athuwa ndi zofewa chibadwire, mfundo imene yayamba kuuma imatha kuoneka ngati ili bwinobwino, chifukwa ikupindika monga ya munthu wina aliyense. Ndinu apakhomo amene mukudziwa kuti kale chala chimenecho chinkapindika kuposa pamenepo, ndipo mukanene zimenezo. Nyamakazi yotere ikachedwa kupezeka imawononga mfundo, zala n'kupindikiratu, ndipo zikafika pamenepo sizibwereranso.

Palinso nyamakazi ya kutha kwa mafupa, imene imabwera ndi ukalamba ndi ntchito. Imeneyi imakonda tsinde la chala chachikulu ndi mfundo za kumapeto kwa zala, ndipo imapweteka kwambiri munthu akagwira ntchito. Ina ndi gauti, imene imayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku, mfundo imodzi n'kutupa, kutentha ndi kupweteka koopsa. Imakonda chala chachikulu cha kuphazi koma imafikanso m'manja. Ambiri timaidziwa ngati nthenda ya anthu a mowa ndi nyama yambiri, ndiye m'nyumba zathu sitiiganizira n'komwe. Koma anthu a Down syndrome ambiri amakhala ndi asidi woyambitsa gauti wochuluka m'magazi mwa chibadwa chawo, ngakhale m'nyumba imene mowa sunalowemo. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimawonjezera vutoli.

Si ululu wonse wa m'manja umene umachokera m'mfundo. Pamene timavala wotchi, kumbali ya chikhatho, pali kanjira kopapatiza kamene mumadutsa mtsempha wopereka mphamvu ya kumva ku zala. Mtsemphawu ukapanikizika, madokotala amati carpal tunnel syndrome. Munthu amamva dzanzi ndi kubayabaya m'chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Chala chaching'ono sichikhudzidwa. Zimakula usiku, ndiye mukaona m'bale wanu akudzuka n'kumakutumula manja ngati akuchotsa madzi, ganizirani zimenezi. Zikakhalitsa, mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umaphwa, ndipo ndalama yachitsulo kapena singano zimavuta kutola. Chithandizo chake chimayamba ndi chomangira dzanja usiku kuti lisapindike, ndipo zikakanika pali opaleshoni yaing'ono.

Pali chinthu chimodzi chimene sichifuna kudikira tsiku la msika kapena kutha kwa mwezi. Mwa anthu ena a Down syndrome mafupa a m'khosi ndi olekerera kapena amatha msanga, ndipo angathe kupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Ngati manja afooka kapena achita dzanzi, ndipo nthawi yomweyo munthu wayamba kuyenda modzandira, kupendeketsa mutu, kudandaula khosi, kapena kudzikodzera pamene kale sankatero, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musamuwongole khosi, musalole aliyense kumupotokola kapena kumutikita mwamphamvu.

Tsopano tikambe za chithokomiro, chifukwa m'maganizo anga ichi ndicho chimene chimaphonyedwa kwambiri. Ambiri timadziwa chithokomiro ngati chotupa cha pakhosi. Koma aliyense ali ndi kachiwalo kameneka, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa timadzi toyendetsa liwiro la thupi lonse. Mwa anthu a Down syndrome kamafooka kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri pakhosi sipatupa n'komwe. Kakafooka, khungu limauma n'kumatuwa, zikhadabo zimathyokathyoka, tsitsi limayoyoka, manja amazizira, munthu amanenepa, amadzimbidwa, amangofuna kugona, ndipo maganizo amayenda pang'onopang'ono. Ngakhale dzanzi la m'zala lija likhoza kuyamba chifukwa cha chithokomiro. Tawerenganinso zizindikirozo muone mmene zikufanirana ndi zimene anthu amati ndi chibadwa cha Down syndrome. Munthu akhoza kukhala zaka zambiri akuvutika, onse akumati wakula basi. Choyezera chake ndi magazi, muyeso wotchedwa TSH, ndipo akatswiri amalangiza kuti wamkulu aliyense wa Down syndrome aziyezedwa chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri, ngakhale akuoneka wathanzi. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe muyesowu, choncho pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Ena angati, koma ife timadya mchere wa ayodini. Ndi bwino, pitirizani, koma mwa abale athuwa vutoli nthawi zambiri limachokera ku chitetezo cha m'thupi, ndipo mchere sungalithetse. Poyeza magaziwo pemphaninso kuti ayeze shuga, chifukwa nayenso amabweretsa dzanzi ndi zilonda zosapola.

Za khungu lenilenilo, chofala kwambiri ndi kuuma. Zikhatho ndi mapazi zimakhuthala, kenako zimang'ambika, makamaka kuyambira May mpaka August pamene kuli chisanu ndi mphepo. Mng'alu wa pachala ndi waung'ono koma umapweteka ngati lezala munthu akagwira sopo, mchere kapena ndiwo za tomato. Apa ndili ndi dandaulo ndi ife apakhomo. M'mabanja ambiri m'bale wa Down syndrome ndiye wotsuka mbale ndi wochapa, chifukwa amagwira ntchito mokhulupirika ndipo sakana. Ntchito ndi yabwino, imamupatsa ulemu, ndipo sindikunena kuti mumulande. Koma manja amene akhala m'madzi a sopo wa ufa m'mawa, masana ndi madzulo sangapole. Gawanani ntchitoyo, kapena mugulireni magolovesi a labala. Posamba asagwiritse ntchito sopo wochapira zovala, ndipo madzi akhale ofunda chabe, osati otentha. Akangotuluka kubafa, khungu lisanaumiretu, adzole Vaseline, chifukwa mafutawo amatsekera chinyezi chimene chilipo kale. Kudzola pakhungu louma kale sikuthandiza kwenikweni. Usiku adzolenso m'manja ndi m'zidendene, koma pakati pa zala za kumapazi pazikhala pouma. Kukwecha mapazi pamwala mpaka kufiira kumangowonjezera kukhuthala. Ndipo ngati manja ali ndi dzanzi, samalani pa nthawi yowotha moto, chifukwa akhoza kupsa osazindikira.

Pali nthenda ina imene imadzibisa ngati khungu louma, ndiyo mphere zokhuthala. Mphere wamba tonse timazidziwa: kuyabwa usiku, timatuza pakati pa zala. Koma mwa munthu amene chitetezo chake ndi chofooka, monga ambiri a Down syndrome, tizilombo ta mphere timaswana kwambiri mpaka khungu la m'manja, m'zigongono ndi pansi pa zikhadabo limachita makoko okhuthala otuwa. Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo mwina sakanda kwambiri. Amene amakanda ndi ena onse m'nyumbamo. Mukaona kuti banja lonse lalandira mankhwala a mphere kawiri katatu koma zikungobwerera, yang'anani manja a amene sakudandaulayo. Mphere zotere zimafuna achipatala, ndipo onse a m'nyumba alandire mankhwala tsiku limodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa.

Zina ndingozitchula mwachidule. Zithupsa zobwerezabwereza m'khwapa ndi m'mphechepeche zimapezeka kwambiri, ndipo si chizindikiro cha uve, choncho musamukalipire, musazifinyenso. Tsitsi lothothoka malo ozungulira osalala ngati ndalama, ndi mawanga oyera ngati mkaka pakhungu, zonsezi zimachokera ku chitetezo cha m'thupi ndipo sizipatsirana. Koma banga lotuwa limene silimva kanthu mukalikhudza ndi thonje likhoza kukhala khate, limene likadalipo m'dziko muno ndipo limachizika. Khungu lakuda lokhakhala kuseri kwa manja ndi kuzungulira khosi, malo amene amawombedwa ndi dzuwa, makamaka ngati munthu akutsegulanso m'mimba, likhoza kukhala pelagra, nthenda ya kudya nsima yokhayokha popanda ndiwo zokwanira. Mtedza, nyemba ndi mazira zimathandiza kuipewa.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse ndi chakuti musagule mafuta a m'timachubu pamsika n'kumapaka pa chilichonse. Ambiri mwa mafuta amenewa, pamodzi ndi oyeretsa khungu aja, ali ndi mankhwala a steroid. Amaziziritsa kuyabwa masiku oyamba, munthu n'kuganiza kuti wachira, pamene zipere ndi mphere zikufalikira pansi pake. Chimodzimodzi mapiritsi opha ululu monga bulufeni ndi diclofenac: kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumawononga m'mimba ndi impso, ndipo n'koopsa kwa amene ali ndi vuto la mtima.

Zikhadabo nazo zimanena zambiri. Chikhadabo chokhuthala, chachikasu kapena chotuwa, chofumbutuka kunsonga, kawirikawiri chimakhala ndi fangasi, wa mtundu womwe uja umayambitsa zipere. Zimenezi n'zofala kwambiri mwa akuluakulu a Down syndrome, makamaka kumapazi. Chikhadabo chokhala ndi timaenje ngati chabayidwa ndi singano chikhoza kusonyeza nthenda ya khungu yotchedwa psoriasis, imene nthawi zina imabwera pamodzi ndi nyamakazi, chala chonse n'kutupa ngati soseji. Khungu lotupa ndi la mafinya m'mbali mwa chikhadabo limabwera chifukwa cha kunyowa kosalekeza kapena kuluma zikhadabo. Zikhadabo zoyera mbuu kapena zolowa pakati ngati supuni zimasonyeza kuchepa kwa magazi. Ndipo popeza pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo ambiri kwathu kuno sanachitidwe opaleshoni, yang'anani ngati nsonga za zala zafufuma, zikhadabo n'kukhota ngati msana wa supuni, kapena ngati pansi pa zikhadabo ndi mkati mwa milomo mwachita bii. Zimenezo ndi za mtima kapena mapapo, si za khungu.

Powenga zikhadabo, yambani mwaviika manja kapena mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10. Za kumapazi muziwenga mowongoka, osalowa m'makona, kuti zisamere molowa m'mnofu. Akhale ndi chowengera chakechake, ndipo lezala yobwerekana ayi. Ife tili ndi mwayi wina umene anthu ambiri alibe. Pa mwambo wosambitsana mapazi tisanadye Mgonero, phazi la m'bale limakhala m'manja mwathu miyezi itatu iliyonse. Mukaona mng'alu wakuya, chilonda kapena chikhadabo cholowa m'mnofu, kauzeni apabanja mwakachetechete mapemphero akatha. Musamusale m'baleyo chifukwa cha zikhadabo zake. Madzi atsopano ndi thaulo loyera kwa munthu aliyense n'zokwanira, ndipo madikoni athu aziwonetsetsa zimenezo.

Kayang'anidwe kakenso kali ndi njira yake. Ameneyu ndi munthu wamkulu, ndipo manja ndi ake. Pemphani kaye: "Achemwali, ndingaone manja anu?" Khalani pansi pamalo owala, kamodzi pa sabata, mwina Lachisanu pamene aliyense akusamba ndi kukonzekera. Yerekezani dzanja lamanja ndi lamanzere. Muuzeni afumbate chibakera, atambasule, atole njere ya nyemba patebulo, ndipo inu muziyang'ana nkhope yake, osati dzanja lokha. Musafunse kuti, "Sipakupweteka eti?" chifukwa ambiri amangovomera kuti akusangalatseni. Nenani kuti, "Tandilozerani pamene pakupweteka," kenako dikirani. Yankho likhoza kutenga nthawi, ndipo ife timafulumira kuwayankhira.

Popita kuchipatala tengani buku lake la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika, ndi mankhwala onse amene akumwa kapena kudzola. Lembani papepala tsiku limene munayamba kuona kusintha, nthawi imene zimakula, ndi ntchito zimene wasiya kuchita. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani chotupacho, chifukwa tsiku lokaonana ndi dokotala chimatha kukhala chitaphwa. Mawu akuti "ankatha kumanga mabatani mpaka mwezi wa March, tsopano sakutha" amathandiza dokotala kuposa akuti "sakupeza bwino." Izi n'zofunika kwambiri kwa amene apitirira zaka 40, chifukwa pa msinkhu umenewu matenda oiwalaiwala a Alzheimer amayamba kupezeka mwa anthu a Down syndrome, ndipo n'kosavuta kunena kuti munthu waiwala kuvala pamene vuto ndi zala zopweteka kapena chithokomiro. Wina akakuuzani kuti anthu otere amakhala choncho, yankhani mwaulemu kuti, "Adokotala, chaka chatha sanali choncho," ndipo pemphani kuti amuyeze. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za matenda a khungu, ndipo chipatala cha boma lanu chikhoza kukutumizani kumeneko.

Mankhwala akaperekedwa, vuto lotsala ndi kuleza mtima. Piritsi la chithokomiro, levothyroxine, limamwedwa m'mawa uliwonse munthu asanadye, ndipo nthawi zambiri ndi la moyo wonse. Mphamvu zimayamba kubwerera pakatha masabata angapo, koma khungu ndi tsitsi zimatenga miyezi. Fangasi wa m'chikhadabo samva mafuta opaka okha, amafuna mapiritsi a masabata 6 kapena kuposerapo kwa zala za m'manja, ndi miyezi 3 kapena kuposerapo kwa za kumapazi. Ngakhale tizilombo titafa, mbali yowonongekayo siyera, imangokankhidwa ndi chikhadabo chatsopano. Chikhadabo cha m'manja chimakula mamilimita 3 okha pa mwezi, ndiye chimatenga pafupifupi theka la chaka kuti chisinthike chonse, pamene cha chala chachikulu cha kuphazi chimatenga chaka kapena kupitirira. Poona ngati mankhwala akugwira, musayang'ane kunsonga. Yang'anani kutsinde, kumene chikhadabo chatsopano chikutulukira.